Tsiku Lomwe Ndinabweza Zakeyu pa Khomo la Tchalitchi

Iwe Yona ndi iwe Eliza, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Ndayamba tsopano. Koma ndikati ndinene za mafiriji, dzina la Zakeyu Mbewe limangotulukira, amene inu mumawatcha Sekuru Mbewe, kapena kuti agogo Mbewe, ndiye ndaona kuti ndingomulowetsa. Mukudziwa kuti iye ndi ine sitiyenderananso. Chifukwa chake mwachimva kwa anthu, koma kwa ine simunachimvepo.

1978, Msasa

Zakeyu ndi ine tinakulira ku Rugare, nyumba zoyang'anizana, makolo athu atachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji m'dziko lino la eni ake. Iye anatsata bambo ake ku njanjiko. Ine ndinatha chaka chathunthu ndikuzungulira mageti a mafakitale popanda wondiyang'ana nkomwe, mpaka tsiku lina Zakeyu anakhala moyandikana ndi kapitawo wina m'basi. Anacheza naye kuyambira pokwerera mpaka potsikira, ndipo Lolemba lake ine ndinayamba ntchito pa fakitale yomanga mafiriji ku Msasa. Ndinathokoza, ndipo ndimathokozabe. Chokhacho n'chakuti kwa zaka zambiri anthu a mu mzere wathu sankandifunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Ankafunsa ngati ndikadali pa ntchito ija anandipezera Zakeyu.

Bwana wathu anali mzungu wamfupi, wamanja akuda ndi girizi, amene tinkamutcha Sipanala chifukwa ankaloza nayo munthu akafuna kumutuma. Sankafotokoza zinthu. Ankandigwira pakhosi n'kundiika khutu kumbuyo kwa firiji, kenaka n'kundifunsa kuti ikudwala chiyani. Ndikalakwa ankatukwana mpaka aku ofesi kumva, ndikakhoza ankangochokapo osanena kanthu. Ndinaphunzira ntchito kwa munthu ameneyu, ndipo ndinazolowera kuti firiji ikamayenda bwino palibe amakumbukira kuti pali wina anaigwira. Lamulungu ndinkakhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi chathu, pa mapemphero a Chichewa, ndikumva Zakeyu akuyambitsa nyimbo opanda buku m'manja. Amayi achikulire ankatseka maso. Ine ndinkaimba nawo motsitsa, chifukwa mawu anga inu mukuwadziwa, ndipo ndinkadabwa kuti munthu mmodzi angapatsidwe bwanji pakamwa ndi pakhosi zonse pamodzi.

1986, Highfield

Chaka chimenechi ndinasiya fakitale n'kulembedwa ntchito yosamalira mafiriji a katemera m'zipatala zazing'ono za m'malokeshoni. Tinasamukira ku Highfield, iwe Yona uli kumsana. Ntchito yake inali yooneka yaing'ono. Katemera wa ana, wa chikuku ndi wa poliyo ndi ena onse, amafuna kuzizira kwake, osapitirira ndi osaperewera. Akatentha amaoneka chimodzimodzi m'kabotolo, koma mphamvu yatha, ndipo mayi amapita kunyumba akuganiza kuti mwana watetezedwa. Ndinkayenda pa njinga chipatala ndi chipatala, kuona kachida koyezera kuzizira, kumvetsera injini, kusintha mphira wa zitseko.

Pa chipatala chimene ndinkayambira m'mawa panali sisita wamkulu, Mayi Ncube, wamtali, wosaseka ndi munthu. Anthu ankamuopa, ine ndinkamukonda, chifukwa ndiye yekha amene ankadziwa kulemera kwa ntchito yanga. Tsiku lina ndinapeza firiji itafa Loweruka ndi Lamulungu lonse. Ndinamuuza kuti zonse zili m'katimo zitayidwe, amayi ali kale pamzere panja ndi ana kumsana. Anatuluka yekha kukawabweza amayiwo, natenga mnyozo wonse pamutu pake osanditchula. Madzulo ake anandiuza kuti munthu wokana ngati ine ndi wosowa. Mawu amenewo ndinawasunga zaka makumi atatu, mwina kuposa mmene anayenera kusungidwira.

2008

Za chaka chimenechi sindifotokoza zambiri, munaliko. Magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, zida zosinthira kunalibe, anamwino ambiri anali atawoloka malire. Njira yokhayo inali yonyamula katemera m'bokosi lozizira kupita naye kumene kuli magetsi tsiku limenelo, koma bokosi limafuna ayisi. Pa masitolo a Machipisa panali butchala ina ya jenereta. Ndinapitako masiku atatu otsatizana, chipewa m'manja, kufotokoza za ana ndi za chikuku, ndipo mwini wake ankangopitiriza kudula nyama. Tsiku lachinayi Zakeyu anandiperekeza. Anamulonjera munthuyo ndi mutupo wake, dzina la mfunda wa makolo ake, anamuseketsa ndi nkhani za sitima, anamufunsa za amayi ake a kumudzi, ndipo tisanamalize kuima pamenepo ayisi anali m'bokosi langa.

Kuyambira pamenepo ndinapalasa njinga miyezi, m'mawa uliwonse, bokosi kumbuyo, mimba yopanda kanthu, mawondo akulira. Zakeyu sanakhudzepo bokosilo ngakhale kamodzi. Koma zinthu zitayamba kubwerera m'malo, abusa a nthawi imeneyo anaimika Zakeyu kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti ana a dera lathu apulumuka chifukwa cha mtima wa a Mbewe. Anthu anaomba m'manja, amayi anu nawonso anaomba. Zakeyu, kunena zoona, anandiloza n'kunena kuti wopalasa njinga ndi uyo, koma anatero moseketsa, akuyerekeza mmene ndinkapindikira pa njinga, ndiye anthu anangowonjezera kuseka ndi kumukonda. Ndinafika kunyumba osadya. Amayi anu anaganiza kuti ndi malungo, koma inali njiru basi, ndipo ndinkaidziwa dzina lake.

2021

Ndinapuma ntchito mu 2017. Matenda a korona atafika ndinali kale pakhonde, ndikukonza tima firiji ta anthu oyandikana nawo. Kumayambiriro kwa 2021 anamwalira Mayi Naphiri, mkazi wa Zakeyu. Maliro anali a anthu owerengeka monga lamulo linkanenera, opanda kugona pasiwa, opanda kwaya. Munthu amene anaimbira maliro a anthu onse a mu Rugare anaika mkazi wake kuli zii. Ine ndinalipo, ndinanyamula nawo bokosi, ndipo ndinamumvera chisoni chenicheni. Ndalemba zimenezi kuti musaganize kuti mtima wanga unali wakuda mbali zonse.

Katemera atafika ndinali mwa oyamba kukabayitsa. Ndinaona ngati nthawi yanga yakwana. Nkhani imene dziko lonse linkakangana inali nkhani ya ntchito yanga, ndipo ndinkayembekeza kuti anthu a mpingo wathu, makamaka achikulire, adzabwera pa geti kudzafunsa ine a Banda, amene ndakhala ndi katemera zaka makumi atatu. Anabwera awiri kapena atatu. Ena onse ankafunsa Zakeyu, ndipo Zakeyu ankati tidikire kaye. Sankanena za tizitsulo ta m'magazi kapena zachabechabe zina za pa foni, ayi, anali wochenjera kuposa pamenepo. Ankangoti chinthu chabwera mothamanga, tione kaye amene abayitsawo.

Ndinakwera kombi kupita ku Rugare kukamuona. Tinakhala pakhonde, mipando motalikirana. Ndinamufotokozera zonse zimene ndikudziwa, mwina motalika kwambiri, chifukwa ndikayamba za ntchito sindiona kuti womvera watopa. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Lufeyo," anatero, "boma lomwe linatilemba alendo pa zitupa zaka zonse zija, ife obadwira pano, lero likutithamangira ndi jakisoni waulere? Ine mtima sunakhazikike."

Ndinamukumbutsa kuti adzukulu ake onse anabayidwa katemera amene ndinkanyamula pa njinga, ndipo sanafunsepo kuti wachokera dziko liti.

"Uja ndinkamudziwa," anayankha akumwetulira. "Ayisi wake ndinapeza ndine."

Ankaseka chabe, monga mwa chizolowezi chake, koma ine zinandilasa. Ndinaimirira n'kunena kuti munthu wodziwa kuimba asamadzione ngati wodziwa zonse, ndipo anthu akafa chifukwa chomumvera magazi awo adzakhala pa iye. Ndinanena zimenezi kwa munthu amene anali asanathe miyezi itatu chiikire mkazi. Anandiperekeza mpaka pa geti monga mwa nthawi zonse.

Chimene chinandipweteka koposa ndinachipeza m'nyumba mwanga momwe. Amayi anu, amene ankachapa maovolosi anga a ntchito zaka zonsezo, anandiuza kuti adikira pang'ono, poti a Mbewe akuti tione kaye. Anakabayitsa patapita miyezi iwiri, ndipo osati chifukwa cha ine, koma chifukwa iwe Eliza unawakalipira pa foni. Pa nkhani ya katemera ine ndinkanena zoona, ndipo lero lomwe ndinganenenso chimodzimodzi. Koma kunena zoona kwanga kunalibe wokumva, pamene kukayika kwa Zakeyu kunali ndi anthu odzaza mabenchi.

Ogasiti 2021

Boma litalola kuti matchalitchi atsegulidwe kwa okhawo amene anabayitsa, akulu a mpingo anafuna munthu woima pa khomo kuona makhadi. Abusa, munthu wachinyamata amene anabwera matenda atatsala pang'ono kuyamba, anati palibe woyenera kuposa a Banda. Anandipatsa tebulo, mpando ndi botolo la mankhwala opaka m'manja. Musandiseke, koma ndinasita jekete Lachisanu. Zaka zonse za pa benchi yachitatu, ndipo tsopano aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo, ankayenera kudutsa pa ine.

Lamulungu loyambalo anakonza kuti awerenge mayina a onse amene anamwalira tchalitchi chili chotseka, amene sanaimbiridwe, ndipo dzina la Mayi Naphiri linali pa mndandandawo. Abusa anandiitanira pambali mapemphero asanayambe. Anati akudziwa kuti ena achikulire abwera opanda khadi, makamaka ofedwa, ndiye ndiwatsine khutu mwaulemu kuti mipando yawo ili panja pafupi ndi zenera, kumene angamve zonse popanda kuphwanya lamulo. Mipando inayi inali itaikidwa kale pamthunzi. Ndinavomera, ndipo ndinamvetsa bwinobwino.

Zakeyu anafika mzere uli wautali, atavala suti yakuda imene anavala pa maliro. Anthu ankamupatsa njira. Atafika pa tebulo anatulutsa khadi n'kulionetsa osalisiya m'manja, chala chachikulu chili pa dzina loyamba. Pankaoneka chilembo choyamba chokha ndi Mbewe. Munthu wina aliyense akanangomuuza kuti lowani. Koma ine ndinaona chaka chobadwa, ndipo chinali cha Zakariya, mng'ono wake wa ku Mufakose, amene ndinamuona akukwawa. Zakeyu anandiyang'ana m'maso pamwamba pa kansalu ka pamphuno. Sanandinamize ndi mawu. Anangonena chapansipansi kuti, "Lufeyo, ndi lero lokha."

Kumulowetsa sindikanatha, ndipo pamenepo sindidziimba mlandu. M'katimo munali nkhalamba zodwala shuga ndi mtima, ndipo munthu woyambitsa nyimbo amatulutsa mpweya kuposa onse. Chimene ndinayenera kuchita chinali chapafupi: kuimirira, kumugwira pamkono ngati tikukambirana zathu, kupita naye pa mpando wa pa zenera, mwina kukhala naye pomwepo. Ndinaziona zonsezi m'mutu mwanga. Koma ndinaonanso mzere wa anthu kumbuyo kwake, omwe aja ankati a Mbewe akuti tidikire, ndipo mumtima mwanga munabwera chimwemwe chimene ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Ndinakhalabe pa mpando, ndinakweza mawu kuti afike kumapeto kwa mzere.

"Bambo Mbewe, chotsani chala pa dzinapo. Khadi ili ndi la a Zakariya. Pano sitilowa ndi makhadi obwereka."

Zakeyu anachotsa chala, analiyang'ana khadilo ngati akuliona koyamba, analibweza m'thumba la jekete. Mayi wina anayamba kunena kuti a Banda, lero akuwerenga dzina la mkazi wawo, koma iye anakweza dzanja kumuletsa. Za mipando ya pa zenera sindinamuuze, ndipo atachita manyazi chotero sakanakhalapo. Anatuluka pa geti n'kukaima kuseri kwa waya wa mpanda, chipewa m'manja.

Pamene ndinakhalapo ndinkaona m'kati ndi kunja komwe. Nyimbo yoyamba anaiyambitsa mkulu wina mokweza kwambiri, inafa pa mzere wachiwiri, anayambanso. Ndinkayembekeza kuti Zakeyu aimba ali kunjako, anthu amutsatire, ndipo ndikanapeza chomunenera kuti akudzionetsera. Sanatsegule pakamwa. Abusa atawerenga dzina la mkazi wake ndikukhulupirira kuti sanalimve, chifukwa pa waya ndi patali ndipo mu msewu munkadutsa lole. Ine ndinalimva bwinobwino. Potuluka anthu anadutsa pa tebulo langa ngati palibe munthu, onse kulunjika ku waya. Amayi anu sanandilankhule mpaka Lachitatu.

Patapita milungu ingapo Zakeyu anakabayitsa. Amene anamutembenuza sindimudziwa, koma si ine. Atamaliza majakisoni onse awiri anabwera pa tebulo langa, anaika khadi lake pansi, manja kumbuyo, n'kudikira kuti ndiliwerenge. Tsiku lomwelo anapempha mpata kutsogolo. Anaulula yekha kuti anabwereka khadi, anati ukalamba sunamuletse kuchita zachibwana, anaseketsa anthu ndi mmene anatsekera maso poona singano, kenaka anati amene ankadikira chifukwa cha iye asadikirenso. Anawonjezera kuti Bambo Banda anagwira ntchito imene anapatsidwa. Anthu anaomba m'manja, ndipo mukudziwa amene ankamuombera. Mlungu womwewo namwino wina amene ndinagwira naye ntchito anandiuza pa Machipisa kuti pamzere wa katemera padzaza nkhalamba zolankhula Chichewa, ndipo anandiyamikira poganiza kuti ndi ntchito yanga. Sindinamukonze. Zimene ndinalephera miyezi isanu ndi umodzi Zakeyu anazichita pa Lamulungu limodzi, ndipo ndinakondwa kuti anthu atetezedwa, koma kukondwa kwake kunali kowawa.

Chaka chatha

Timaonana ku tchalitchi, timagwirana chanza, amafunsa za inu. Ndi zomwezo. Kupepesa ndakhala ndikukufuna kuyambira tsiku lomwe lija, ndipo Loweruka lina chaka chatha ndinalimba mtima, ndinakwera kombi masana osauza amayi anu. Mawu ndinali nditawakonza: kuti kumuletsa kunali koyenera, koma kufuula kunali kwanga, ndipo ndinafuula chifukwa ndamuchitira nsanje kuyambira tili anyamata.

Ndinapeza pakhonde pake pali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, monga mwa masiku onse. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula, ndipo iwe Yona unali utagwada kumbuyo kwa firiji yake ndi chikwama changa cha zida, chimene unandiuza kuti ukupita nacho ku Glen Norah. Sindikukudzudzula. Unadziwa kuti ukanena zoona nkhope yanga isintha. Zakeyu atandiona pa geti anaimirira, anakoka mpando wake womwe n'kunena kuti, "Bambo Banda, lowani, khalani apa."

Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana. Pomwepo ndinaona mmene zithere. Ndikanapepesa, iye akanandikhululukira nthawi yomweyo, ndi mtima wonse, ndi mawu okoma amene ine sindingawapeze, mwina n'kuseketsa anthu kuti ndisachite manyazi. Pofika mawa lake mpingo wonse ukanakhala ukukamba za mtima wabwino wa Sekuru Mbewe. Ngakhale kupepesa kwanga kukanasanduka ulemu wake, ndipo chimenecho ndinalephera kumupatsa.

Ndinati sindikhalitsa, ndangobwera kudzatenga zida zanga, pali ntchito ikundidikira. Unandipatsa chikwamacho osandiyang'ana, firiji ya munthu ili chitsegulire, ntchito ili pakati. Ntchito yondidikira panalibe. Pa siteji ndinalola kombi zitatu kudutsa, chikwama chili pamapazi, maso ali ku msewu wa kwa Zakeyu, kuti mwina atuluka yekha kudzandiperekeza ndipo ndidzanene tili awiri. Sanatuluke, ndipo ndinakwera yachinayi.